Nyumba Zatsopano za ku Nyanja: Maganizo Ochokera ku Mapiri a Dedza

Munthu akaima pa zitunda za kuvuma kwa Bembeke tsiku lopanda nkhungu, amaiona nyanja ya Malaŵi ili mbee kunsi kwake, ngati nsalu yoyanika pa udzu. Ife a kuno ku mapiri timaiona motero chaka ndi chaka, ndipo ena mwa ife timatsikirako kaŵirikaŵiri, kukathandiza ku Mua ndi ku Mtakataka, kapena kupitirira mpaka ku Chipoka ndi ku Salima. Ulendowo ngwaufupi, koma umamloŵetsa munthu m'dziko lina. Pa boma pa Dedza mpokwera mamita ngati 1,600 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pamene madzi a nyanja yathu amakhala cha m'ma 474. Tikanyamuka m'maŵa mwezi wa Juni titavala majuzi aŵiri, pofika kunsi kwa Khwekhwerere, pa Golomoti, timakhala titavula onse.

Zaka zino, amene amayenda njira imeneyi aona chinthu chachilendo m'mbali mwa nyanja. Pakati pa midzi ya asodzi pamera nyumba zikuluzikulu zoyera, za magalasi ambiri, zokhala ndi mapanelo a sola pa denga ndi mpanda wa njerwa kuzungulira. Eni ake ndi ogulitsa malo amazitama kuti nzosadya magetsi ndiponso nzosamala chilengedwe. Ena mwa ife tidaitanidwapo kukazidalitsa, ndipo tidalandiridwa bwino. Tsono poti taloŵamo ndi kugonamo, tili ndi ufulu wozipima monga nyumba, ndi kufunsa ngati mbiri yabwino imene zatchuka nayo ikuziyenera.

Tiyambe ndi kuyamikira, pakuti choyamikira chilipo. Munthu amene aika sola pa denga lake sachita zamisala. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, kuyambira pamene malo a Nkula adatsekulidwa m'chaka cha 1966, ndipo mtsinjewo umadalira nyanja. Madzi atatsika m'zaka za 2016 ndi 2017, tonse tidadya mgonero poyatsa kandulo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, nachotsa mamegawati pafupifupi 130 nthaŵi imodzi. M'dziko lotere, kutenthetsa madzi osamba ndi dzuŵa m'malo mwa nkhuni kapena magetsi ndi nzeru yeniyeni. Ndipo dera lathu lomwe lino ndilo latsogola pa nkhaniyi: ku Nanjoka m'boma la Salima kuli munda wa mapanelo wa mamegawati 60 umene udayamba ntchito mu 2021, ndipo pa Golomoti, m'boma lathu la Dedza, pali wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungira mphamvu, umene udatsekulidwa mu 2022. Dzuŵa limene linkangotipsereza tsopano likugwira ntchito. Pa ichi sititsutsa kanthu.

Chimene tikukayika ndi nyumba imene ili pansi pa mapanelowo. Zambiri mwa nyumbazi zikuoneka kuti adazijambula anthu amene sadakhalepo pa Chipoka mwezi wa Okutobala, kapena adangozitola pa chithunzi cha dziko lina lozizira. Dera lathu lili pa madigiri ngati 14 kumwera kwa mzere wogaŵa dziko pakati. Ndiye kuti dzuŵa limadutsa paliwombo penipeni kaŵiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, ndipo ulendo woyambawo umagwa pa nthaŵi ya chilimwe chenicheni, mvula isanagwe. Pa nyengo imeneyo mdani wamkulu wa nyumba ndi denga lake. Komabe mafashoni a masiku ano akonda malata akuda kapena otuŵa kwambiri, amene amamwa kutentha tsiku lonse, ndipo pansi pake pamakhala siling'i yotsika, yopanda potulukira mpweya. Denga limathera pa khoma penipeni, losatuluka kunja ngakhale mkono umodzi. Khonde, ngati lilipo, ndi kamalo koika mipando iŵiri.

Kenaka pali magalasi. Ku gombe lathu lino nyanja ili kuvuma, ndipo mwini nyumba aliyense amafuna kuiona ali chigonere pa bedi. Motero khoma lonse loyang'ana ku madzi limasanduka galasi, ndipo dzuŵa likangotuluka limaloŵa molunjika, lothandizidwa ndi kunyezimira kwa madzi. Galasi limalola kutentha kuloŵa koma limakaniza kutuluka. Pofika 9 koloko chipinda chimakhala chitasanduka uvuni, mwini nyumba natseka makatani, nyanja imene adailipirira ndalama zambiri osaionanso. Apo ndiye amayatsa makina oziziritsa mpweya, ndipo makinawo ndiwo amadya gawo lalikulu la mphamvu ya mapanelo aja. Nyumba idzipangira yokha matenda, nkudzigulira yokha mankhwala, anthu nkumaitama kuti ili ndi dokotala wabwino.

Chimene chimatiseketsa, ngakhale nchomvetsa chisoni, nchakuti pulani yomweyo tikuiona ikumangidwa kuno ku Dedza, kumene vuto lake nlosiyana kotheratu. Mpweya umazizira ndi madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Kuno chimene timalimbana nacho ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, nkhungu ndi mphepo ya mwera. M'miyezi imeneyo dzuŵa limayenda chakumpoto, choncho nyumba ya ku mapiri imafuna mazenera aakulu kumpoto kuti dzuŵa liloŵe masana, makoma ochindikala osunga kutenthako mpaka usiku, ndi msana wotsekeka kumwera. Nyumba ya ku nyanja imafuna mthunzi waukulu, denga loŵala ndi lokwera, ndi mazenera openyana kuti mphepo ya pa madzi idutse. Pepala limodzi silingatumikire malo aŵiri onseŵa, ndipo kumene laumirizidwa, wa ku nyanja amasamba thukuta pamene wa ku mapiri akuothera mbaula m'chipinda chochezera.

Akale athu adaadziŵa zimenezi popanda buku. Amene adaona nyumba zakale za pa mishoni ya Mua, imene Abambo Oyera adayamba mu 1902, akudziŵa kuzizira kwa m'kati mwa makoma ochindikala otetezedwa ndi makonde. Ndipo mishoni ya Bembeke, ya 1910, idayamba ngati malo opumulirako amishonale otopa ndi kutentha ndi malungo a ku chigwa. Anthuwo ankadziŵa kuti chigwa ndi phiri si dziko limodzi. M'midzi namo, nyumba ya mdindo yofolera ndi udzu, ya khonde lozungulira, imakhala yozizira masana ndi yofunda usiku, pakuti dothi lochindikala limachedwa kutentha ndiponso limachedwa kuzizira, pamene udzu sulola dzuŵa kuboola. Sitikuti tonse tibwerere ku tsindwi. Tidakulira m'nyumba zotero, ndipo tikukumbukira kudontha kwa m'dzinja, chiswe, mantha a moto wolusa, ndi amai athu akusenza mitolo ya udzu chaka chilichonse. Munthu wogula malata atagulitsa kachewere wake sitingamdzudzule. Tikungoti nzeru ya khonde, ya khoma lochindikala ndi ya mtengo wa mthunzi pabwalo idaali yaulere, ndipo omanga nyumba za mamiliyoni aitaya kuti akagule ina yochokera kunja.

Pali mphamvu inanso imene saiŵerengera potama nyumbazi, ndipo iyi ikutikhudza ife a ku mapiri. Nyumba isanayatse babu ngakhale limodzi, imakhala itadya kale nkhalango. Njerwa zootcha za nyumba yaikulu pamodzi ndi mpanda wake zimafuna mauvuni angapo, ndipo uvuni sukhuta tchire, umafuna zipika za mitengo yachilengedwe monga tsamba, mombo ndi muŵanga. Zipikazo zimatsika kuchokera ku mapiri omwe ano, m'nkhalango ya Mua-Livulezi ndi ina ya m'mbali mwa chiphompho cha pakati pa Dedza ndi Salima. Amene wayenda pa Khwekhwerere kwa zaka makumi aŵiri safuna womuuza kuti mapiri ameta. Boma lidaika malamulo mu 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndipo chifukwa cha ichi mabuloko a simenti achuluka. Koma simenti nayo imaphikidwa pa moto waukulu ku fakitale, ndipo mchenga wake nthaŵi zina umakumbidwa pa gombe lomwelo limene nyumbayo ikudzitamira nalo. Njerwa za dothi lotsinditsa ndi makina, losakaniza ndi simenti pang'ono, zimapezeka m'dziko muno, koma ambiri amaziyesa za anthu osauka.

Mapiri akameta, dothi silikhala. Limatsika ndi Linthipe, Livulezi, Nadzipokwe ndi mitsinje ina, nkukathera m'nyanja, kumene limakwirira malo oswanirana nsomba ndi kudzaza madoko. Apa ndipo nkhani ya nyumba imakumanirana ndi nkhani ya Chipoka.

Chipoka ndi tauni imene idabadwa ndi njanji. M'chaka cha 1935, chaka chomwe mlatho waukulu wa pa Zambezi udatsekulidwa, njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima kudzera pa Chipoka, ndipo pamenepo sitima ya pamtunda idakumana ndi sitima ya pamadzi. Zidutswa za Ilala, imene adaipanga ku Scotland mu 1949, zidadzera ku Beira nkufika pa Chipoka, sitimayo isanayambe maulendo ake mu 1951. Akuluakulu a pamenepo amasimba za masiku amene doko linkadyetsa tauni yonse: onyamula katundu, amai ogulitsa nsima ndi chambo, eni nyumba zogona alendo, anyamata a njinga. Pambuyo pake madzi adatsika, mchenga udadzaza poima sitima, katundu adasamukira pa mseu, ndipo kwa zaka zambiri doko lidakhala zii. Tauni ya doko imakhala moyo chifukwa cha kuloŵa ndi kutuluka kwa anthu. Nchifukwa chake ambiri adakondwa ataona anthu a ndalama a ku Lilongwe akugula malo m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Senga Bay kutsika kumwera. Adati ntchito yabwera.

Ntchito idabweradi, ya miyezi ingapo, ya oumba njerwa, otunga madzi ndi osakaniza matope. Nyumba itatha padatsala mlonda mmodzi ndi wosesa pabwalo. Eni ake amabwera Loŵeruka lina pa mwezi, galimoto itadzaza ndi zakudya zogula ku mzinda, nabwerera Lamulungu madzulo. Masiku ena onse mapanelo amadyetsa filiji ya mabotolo aŵiri ndi nyali za pa mpanda. Pa nyumba ina imene tidadalitsa, titatha mapemphero tidazungulira kuseri, ndipo tidapeza mkazi wa mlonda akuphika pa mafuwa atatu, utsi uli tolo m'kakhitchini ka malata, pansi penipeni pa waya wochokera ku mabatire. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malaŵi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo oyatsa magetsi m'nyumba adangopitirira pang'ono 11 pa 100. Mai uja adaali m'gulu lalikululo, ngakhale ankagona pa ploti yodzipangira magetsi.

Koma choŵaŵa kwambiri kwa anthu a ku nyanja ndi mpanda. Gombe kwa iwo si malo oonerapo kutuluka kwa dzuŵa. Mpamene amai amachapa ndi kutsuka mbale, ana amasamba, ng'ombe zimamwa, asodzi amakoka makoka, amasoka chilimira ndi kuyanika usipa pa mathandala. Malo akagulidwa, kaŵirikaŵiri kudzera kwa a mfumu ndi achibale oŵerengeka, mpanda umatsika mpaka m'madzi, ndipo kanjira ka makolo kamatsekeka. Mpanda wina ukalumikizana ndi unzake, mai wa mtsuko amayenda mtunda wautali kuti apeze mpata. Mphamvu imene nyumba yapulumutsa pa waya, mudzi umailipira ndi miyendo.

Tiyenera kuima pang'ono pa mau akuti kudzidalira, chifukwa ife a Mpingo tidaŵakonda mauŵa kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene miphakati inkayamba. Nyumba zatsopanozi nazo zimatchedwa zodzidalira: magetsi ake, mjigo wake, thanki yake, mlonda wake. Koma kudzidalira kumene tinkaphunzitsa kudaali kwa gulu, kwa anthu osenzera denga limodzi. Uku nkwa munthu mmodzi amene wadzichotsa m'gulu. Ndipo zotsatira zake nzooneka. Kale munthu wolemera akakhala m'tauni, magetsi akazima ankazimira onse, mpopi ukauma unkaumira onse, ndipo iye, pokhala ndi mau omveka ku maofesi, ankadandaula m'malo mwa onse. Lero amene ali ndi mau omvekawo sadziŵa nkomwe kuti kunja kwa mpanda kuli mdima. Tauni yatsala ndi mavuto ake onse, koma yataya oilankhulira. Msonkhano wa Vatican wachiŵiri, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, udaphunzitsa kuti zabwino za dziko lapansi Mulungu adazilengera anthu onse, ndipo Papa Francis mu Laudato Si' ya 2015 adakana kulekanitsa kusamala chilengedwe ndi chilungamo kwa amphaŵi. Anyamata athu a ku seminale angachite bwino kuŵerenganso mutu 22 wa Yeremiya, m'mene mneneri amadzudzula mfumu Yehoyakimu chifukwa cha nyumba yake ya zipinda zazikulu ndi mazenera otambalala. Mneneriyo sadadane ndi mazenera. Adafunsa za anthu amene adagwira ntchitoyo.

Chodabwitsa nchakuti kusamala mphamvu kwenikweni kukuchitika pa gombe lomwelo, popanda chikwangwani. Asodzi a usipa, amene kale ankatha malita a parafini usiku uliwonse m'nyali zokopera nsomba, ambiri tsopano amagwiritsa ntchito mababu a batire otchajidwa ndi dzuŵa. M'madoko ena a Salima ndi Mangochi adayesako matenti oumitsira nsomba ndi dzuŵa, kuti usipa usaole m'nyengo ya mvula ndiponso kuti nkhuni zoŵambira zichepe. Amai ambiri aphunzira kuumba chitetezo mbaula, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Ndipo ku chilumba cha Mbenji, m'dera la a Makanjira ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane. Zonsezi nzazing'ono pa maso, koma phindu lake limagwera anthu ambiri, ndipo palibe chimene chimatsekera mnzake njira.

Nyanja nayo idanenapo mau ake. Mulingo wake sukhazikika. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi adatsika kotero kuti Shire adaleka kutuluka m'nyanja. Mu 1980 adakwera kupitirira mamita 477. Ambiri mwa amene agula malo posachedwapa adaiona nyanja m'zaka zake zoonda, nayesa kuti mchenga wonse umene adauona ngwao. Mu 2024 madzi adapitirira mamita 476, naloŵa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba zambiri ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay, ndipo bungwe loyang'anira madzi lidakumbutsa anthu kuti malamulo salola kumanga kunsi kwa mulingo wa mamita 477. Tidaona mipanda itagwa chagada, zimbudzi zitasefukira m'madzi omwe ana amasamba, mapanelo ali ngwee pa denga la nyumba imene pansi pake pakusambira matemba. Sitidakondwe nazo, pakuti ena mwa eni nyumbazo adathirapo penshoni yao yonse, ndipo midzi ya asodzi nayo idamira. Koma nkhalamba za pamalopo zikadafunsidwa zikadaloza mtengo umene madzi adafika mu 1980. Paja amati madzi saiŵala khwaŵa.

Tingalakwe tikamaloza chala anthu a ku Lilongwe okha, pakuti nafenso ndife omanga, mwina oposa wina aliyense m'midzi. Chaka chilichonse maparishi athu amamanga matchalitchi, nyumba za ansembe, masukulu ndi zipatala, ndipo ansembe achinyamata amapezeka ali apampando a makomiti a zomanga asanaphunzirepo kuŵerenga pulani. Tapempheramo m'matchalitchi atsopano a ku chigwa m'mene akhristu amayamba kuodzera Mthenga Wabwino usanathe, chifukwa malata ali pafupi ndi mitu yao ndipo mazenera ngaang'ono ngati a nkhokwe. Tapempheramonso m'ena kuno ku mapiri m'mene khomo lalikulu adalilozetsa kumene kumachokera mwera. Njerwa za matchalitchi amenewo adaotcha ndi miphakati yathu, ndi mitengo ya m'manda ndi ya m'mbali mwa mitsinje, ife tikuŵalimbikitsa pa guwa. Ndipo mabungwe a Mpingo nawo ali ndi malo m'mbali mwa nyanja, ena okhala ndi mipanda. Nkoyenera kuti woyang'anira malo otero apite yekha akaone ngati kanjira ka ku madzi kakadalipo.

Miyezi yapitayi komiti ya tchalitchi lina laling'ono la kunsi kwa mapiri idatibweretsera pulani ya nyumba ya mphunzitsi wa Mpingo. Idaali yojambulidwa bwino pa kompyuta, ya malata akuda, ya zenera lalikulu kumaso, ndi mapanelo aŵiri pa denga. Atcheya adatiuza monyadira kuti pulani yomweyo adamangira munthu wina pa boma pa Dedza. Tidapempha mmisiri kuti atiwonetse kumene kuli kumpoto pa pepalalo. Adalitembenuza kaŵiri, nati, "Pepani Abambo, zimenezo sitidalembepo. Nyumba imangoyang'ana ku mseu." Tidagwirizana kuti Loŵeruka lotsatira tikakumane pamalopo dzuŵa likutuluka, tisanakhome chikhomo chilichonse, ndipo kuti aitanenso agogo aŵiri a m'mudzimo amene akukumbukira pamene madzi a mtsinje adalekeza.